Nkhuku Zopepesera Anthu Ofera Papepala

Pa msinkhu wanga uno munthu amayembekezera kuti zolakwa zake zikuluzikulu anamaliza kale kuzichita, kwatsala zing'onozing'ono monga kuthira mchere kawiri m'ndiwo. Inenso ndinkaganiza choncho kufikira chaka chatha, pamene ndinayenda mapiri a Dowa ndi Ntchisi nkhuku ili kukhwapa, kupepesa anthu amoyo chifukwa cha imfa zimene sanafe. Amene amandidziwa akamva zimenezi amaseka. Inenso ndimaseka nawo pang'ono, chifukwa si ulemu kusiya alendo akuseka okha, koma akangotembenuka nkhope yanga imabwerera m'malo mwake.

Ndiyambe ndi kudzitchinjiriza, poti palibe wina amene adzandichitire. Sindine munthu wosaphunzira. Ndinafika Folomu 4 m'masiku amene mtsikana wofika pamenepo ankalozedwa ndi chala pamsika, ndipo ndinagwira ntchito ya ukalaliki pa esiteti ina ya fodya kufikira maso atayamba kukana. Ndimadziwa kusiyanitsa nkhani yopeka ndi uthenga wa maliro. Chimene chinandigwetsa si umbuli ayi, koma chinthu chimene anthu akhala akundiyamikira nacho moyo wanga wonse, ndicho kusamala abale. Kwathu kuno, kufupi ndi Mvera, mabanja awiri akakwiyirana, wokakonza mawu pakati pawo amatuma ine. (Masiku ano amatuma wina, ndipo sindiwaimba mlandu.)

Ndinali ndi mwana mmodzi, wamkazi, dzina lake Elube. Anawombedwa ndi mphenzi zaka zingapo zapitazo akuchokera kumunda wa fodya, khasu lili paphewa, mvula isanayambe n'kugwa komwe. Anasiya mwana mmodzi, Tiyanjane, amene panthawiyo anali ku sekondale. Bambo wake anakwatiranso ku Kasungu, ndipo mtsikanayo anatsala ndi ine monga mwa mwambo wathu. Inu amene mumadziwa midzi yathu mukudziwa kuti imfa ya mphenzi siikidwa m'manda pamodzi ndi mwini wake. Anthu amapitiriza kufunsana chapansipansi kuti inatumidwa ndi yani. Ine ndinatseka makutu. Tiyanjane anatseka pakamwa.

Atamaliza sukulu anayamba kukagulitsa tomato ku Dzaleka pa masiku a msika, ndipo kumeneko anapeza achinyamata, ena akuno ena a m'kampu ya othawa kwawo, amene amakumana n'kumajambula. Si kujambula kwa maluwa ndi nyumba kumene tinkachita ife ku pulayimale. Amajambula nkhani yathunthu m'timabokosi, munthu aliyense ali ndi kamtambo pakamwa momwe mwalembedwa zimene akunena. Anthu a m'nkhanizo ndi ngwazi za mphamvu zoposa za munthu: wina amauluka, wina amanyamula basi ndi dzanja limodzi, ndipo onse amavala zothina zimene munthu sangaonekere nazo kwa apongozi. (Mawu oti ngwazi ife akale timawatchula mosamala, koma ana amakono amangowapatsa aliyense wokoleka chinsalu kumsana.)

Tsiku lina masana, ndikusankha nyemba pakhonde, anabwera ndi chikwama cha pulasitiki n'kukhala pamphasa pafupi ndi mapazi anga.

"Agogo, magalasi anu ali pafupi?"

"Ali pamphuno panga, mwana iwe."

"Ndikufuna muone chinthu. Ndinu oyamba."

Asanatsegule anandifotokozera kuti mabuku otere ali ndi chizolowezi china. Nthawi zina owalemba amasiya dziko limene ngwazi imapambana, n'kudzifunsa kuti zikanatha bwanji chinthu chimodzi chokha chikanachitika mosiyana pa tsiku lina lake. Pamenepo amajambula dziko lina, lofanana ndi lathu m'mayina ndi m'malo, koma lowonongeka. Mizinda yapsa, olamulira ndi ankhanza, ngwazi zina zafa, zotsalazo zakalamba ndi chisoni. Ndinamufunsa chimene munthu amapindula powerenga zomvetsa chisoni zotero, pamene wailesi imatipatsa zomwezo m'mawa uliwonse. Anamwetulira pang'ono, chinthu chimene chinali chitasowa m'nyumba muno, n'kutsegula.

Tsamba loyamba linali njira ya kumunda kwathu. Ndinaizindikira ndi mtengo wa msuku umene uli pokhota. Panjirapo panali mayi, khasu paphewa. Ndinavula magalasi, ndinawapukuta, ndinawavalanso. Anali Elube. Sindikunena kuti ankafanana naye. Anali iye, ndi kapendekedwe kake ka mutu kamene ankachita akamamvetsera munthu wonama. Ine chithunzi chake chooneka ndilibe. Chimene chilipo ndi cha pa ukwati wake, ndipo pamenepo anaphethira.

M'bukumo mphenzi inamuwomba monga zinachitikira, koma sanagwe. Inalowa m'manja mwake n'kukhala momwemo, ndipo kuyambira tsikulo ankatha kung'amba thanthwe ndi chala. Koma popeza mphenziyo sinabwerere kumwamba, mitambo inasowa choitsegula, mvula inaleka. Mapiri athu anawajambula oyera ngati mafupa. Nkhalango ya Ntchisi inali zitsa zokhazokha. Zigafa za fodya zinagwa, anthu ankamanga nsanza kumaso chifukwa cha fumbi, ndipo mijigo yotsala inali yozingidwa ndi waya, ikulonderedwa ndi amuna ovala zitsulo amene ankapereka madzi ndi kapu posinthana ndi mbewu, kenako mbuzi, kenako ana.

Elube ankamenyana nawo, koma paliponse ankafika mochedwa. Tsamba ndi tsamba abale athu ankatha. Achimwene anga a Lingisoni anagwa chakumayambiriro kwenikweni. Asewere anga a Nachisale, amene ndi agogo ake a Tiyanjane a kuchimuna, anatsatira. Inenso ndinafa, nditakhala pampando pakhonde lomwelo, ambulera ili pamiyendo kudikira mvula. Sindinadandaule, chifukwa duku langa analimanga bwino kuposa mmene ndimalimangira ndekha. Kumapeto kunatsala anthu awiri okha, mayi ndi mwana wake, akukwera phiri louma atagwirana manja.

"Manja amenewo sawotcha?" ndinafunsa.

"Ine sandiwotcha."

"Nanga dziko lonse lafa, iwe apa ukuoneka ngati ukuseka?"

"Ndili ndi amayi, agogo."

Ndikanakhala wanzeru, nkhaniyi ikanathera pamenepo. Ndikanamubwezera mapepala ake n'kupempha kuti azindilola kuwaona Lamlungu lililonse tikabwera ku tchalitchi. Zimenezo zikanandikwanira kufikira imfa yanga yeniyeni. Koma potseka chikwama ananena mongodutsa kuti anzake aja akukonza tsiku loonetsa ntchito zawo, ndipo adzapachika zojambula pakhoma la holo ina ku Dzaleka kuti aliyense aone.

Mawu oti aliyense aja anandikhala pachifuwa. A Lingisoni amapita ku Dzaleka msika uliwonse kukafunsa mitengo ya mbuzi zimene sagula. Ndinawaona m'maganizo ataima patsogolo pa khomalo, akudziona ali chigonere m'fumbi, anthu akuwaloza. Ndinaona uthengawo ukukwera njinga yamoto kupita ku Kasakula kwa a Nachisale. Ndinamvanso kale zimene zikananenedwa, zoti mwana amene mayi wake anafa ndi mphenzi wayamba kuika abale m'manda adakali moyo. Dzina limene amapatsa munthu wotero sindililemba pano. Likamumatirira mtsikana silichoka ndi sopo, ndipo limamutsatira kufikira kubanja.

Kwathu mwana akalakwira wamkulu, mwini mwana sadikira kuti olakwiridwa abwere. Amagwira nkhuku, amapita yekha, amakhala pansi n'kunena mlanduwo ndi pakamwa pake, kuti eni ake aumve kwa iye osati panjira. Ndachita zimenezi kambirimbiri, pa mbuzi zodya chimanga cha eni ndi pa mimba za pasukulu, ndipo sizinandikanikepo. Tiyanjane sindinamufunse kanthu, chifukwa mwa dongosolo lomwelo nkhani yotere imakambidwa ndi akuluakulu, mwana amangouzidwa kuti yatha. Atapita kumsika, ndinagwira nkhuku yofiira n'kutsikira kwa achimwene.

A Lingisoni ndi aang'ono kwa ine pobadwa, koma ndiwo mwinimbumba wathu, choncho ndinakhala pamphasa iwo ali pampando. Akazi awo, alamu anga a Nangozo, anakhala chapatali akusenda mbatata, khutu limodzi lili kwa ife.

"Achemwali, nkhukuyi ndi ya chiyani? Kwagwanji?"

"Ndabwera kudzapepesa, achimwene. Mdzukulu wanu wakulakwirani."

"Watenga mimba?"

"Ayi. Wakuphani."

Anadziyang'ana pachifuwa, kenako anayang'ana akazi awo. Ndinafotokoza zonse mwadongosolo, za timabokosi, za dziko linalo, za mvula yoleka. Anamvetsera bwino, analandira nkhuku, ananena kuti za ana sizofunika kuzitengera kumtima. Ndinali nditayamba kale kufunafuna nsapato zanga ndi phazi pamene anafunsa funso limene sindinalikonzekere.

"Ndiye ndafa bwanji?"

"Mwafa basi, achimwene."

"Munthu samangofa basi. Ndafa ndikumenyana ndi azitsulo aja?"

Ine kunama sinditha. Nkhope yanga imandiulula ndisanamalize. Ndinawauza kuti anafa akuthawa panjinga, chigubu cha madzi a mudzi wonse chili kumbuyo.

"Kuthawa? Ine?" Anaimirira, nkhuku idakali m'manja. "Ine amene ndinathamangitsa fisi ndi chikuni m'khola muno?"

"Anali galu," anatero a Nangozo osakweza mutu. Kenako anaika mpeni pansi. "Nanga ine, alamu, ndafera pati?"

"Inu mulibemo."

"Mulibemo bwanji?"

"Sanakujambuleni. Muli bwinobwino."

"Oho. Ndiye kuti ine si wachibale. Ndinamusambitsa mwana ameneyo ali wakhanda, mchombo usanagwe. Lero akupha abale ake onse, ine wangondidumpha ngati chitsa."

Ndinabwerera kunyumba ndi milandu iwiri m'malo mwa umodzi, wa munthu wokwiya chifukwa waphedwa ndi wa munthu wokwiya chifukwa sanaphedwe. Pondiperekeza, a Lingisoni anawonjezera kuti popeza a Nachisale nawonso anafa, sikunali koyenera kuti a kuchikazi adziwe okha, chifukwa a kuchimuna akanadzati timawabisira. Anatinso ndipite ndi mapepalawo, poti munthu sapepesa mlandu umene eni ake sanauone. Ndinasanthula mawu awo njira yonse kufunafuna polakwika, ndipo sindinapapeze. Mwa mwambo anali olondola kuyambira kumutu kufikira kumapazi.

Pa msika wotsatira, Tiyanjane atachoka, ndinalowa m'chipinda chake n'kutenga chikwama chija pansi pa matiresi. Chiganizo chimenechi ndachilemba popanda mabulaketi, chifukwa palibe choseketsa pamenepo.

Ulendo wa ku Kasakula ndinauyamba pa minibasi n'kuumaliza pa njinga yamoto, tambala woyera ali kukhwapa, chikwama chili pachifuwa. Ndinakhala cham'mbali monga mayi waulemu kufikira woyendetsayo ataima n'kundiuza kuti ngati sindikhala monga amakhalira amuna, tonse atatu tikathera kuphompho. Ndinamvera. Tambalayo aka kanali koyamba kuona mapiri a Ntchisi, ndipo maganizo ake anawasiya pa chitenje changa cha kumaukwati. Ndinafika pakhomo pa asewere ndili wofiira ndi fumbi, ndikununkha khola, koma mutu uli mmwamba, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikuchita zoyenera.

A Nachisale ndi mayi wa mawu ochepa. Ine ndi iwo takhala tikulemekezana kwa zaka zambiri monga amachitira anthu awiri oima kutsidya ndi kutsidya la mtsinje wodzaza. Analandira tambala n'kumumangirira pa nsanamira ya khonde. Anatenga mapepala, anawayang'ana limodzilimodzi, osathamanga. Sanafunse ngati anafa mwaulemu kapena ayi. Anangoima pa chithunzi chawo, pamene anagona pambali pa mjigo wouma, ndowa ili m'manja.

"Asewere," anatero, "ndowa iyi ndi yanga. Ili ndi chigamba pomwepa."

"Mwanayo ali ndi diso, asewere."

"Ali ndi diso." Anaika tsambalo pamiyendo. "Mwana wanu anapita ndi mphenzi. Ife sitinanene kanthu, ngakhale anthu ankayang'ana ife. Lero mdzukulu akutigoneka pansi mmodzimmodzi ndi ndowa zathu zomwe, mayi wake akuyenda ndi mphenzi m'manja. Inu mukuti ndi zojambula chabe. Ine ndamva. Koma anthu akamva kuti ndinaziona n'kukhala chete, adzati chiyani?"

"N'chifukwa chake ndabwera, kuti mumve kwa ine osati panjira."

"Mukanapanda kubwera, ndikanamva kwa yani? Ine ku Dzaleka ndinapondako liti?"

Funso limenelo linakwera nane njinga yamoto pobwerera, ndipo linali lolemera kuposa tambala. A Nachisale anati abwera okha Loweruka kudzakhala pansi ndi a kuchikazi, ndipo mapepala anawasunga kufikira tsikulo.

Tiyanjane ndinamupeza ataima pakhomo la chipinda chake, matiresi ali chotembenuza.

"Agogo, chikwama changa mwachiona?"

Ndinamukhazika pansi n'kumufotokozera zonse mwadongosolo lomwe lija, kuyambira pa nkhuku yofiira. Ndinatsindika kuti ndinachita zimenezi pofuna kuteteza dzina lake anthu asanaone pakhoma. Anamvetsera kufikira kumapeto.

"Pakhoma ndinasankha kukapachika masamba a mapiri okhaokha," anatero. "Mulibe munthu ngakhale mmodzi. Enawo anali anga ndi inu."

Mtsikana wina akanakuwa, ndipo ndikanakonda akanatero. Iye anatenga ndowa n'kupita kumjigo, ngakhale mitsuko yonse m'nyumba inali yodzaza.

Loweruka pabwalo panga panadzaza ngati pa chinkhoswe. Ndinayembekezera anthu atatu. Kunabwera amene anamva kuti anafa, ndi amene anafuna kudziwa ngati anafa, ndi ena amene si abale konse koma anali ndi nthawi. Mapepala anayenda dzanja ndi dzanja pansi pa mtengo wa mango, akutenga zidindo za zala. A Lingisoni anatembenuza tsamba lawo kumutu ndi kumiyendo.

"Ine ndi uti apa?"

Ndinawalozera.

"Ameneyu? Mimba yotereyi ndi yanga?"

Pamenepo ndinazindikira kuti ngakhale tsambalo likanapachikidwa pakati pa msika, achimwene anga akanalidutsa osadzidziwa, n'kupita kukafunsa za mbuzi zawo. (Ndinayang'ana pansi kufunafuna mng'alu woti ndilowemo, koma bwalo langa ndimalizira bwino ndi mtsiro.) Kuseka kunalipo, sindikana. Koma tsamba la Elube likafika pa munthu, kuseka kunkathera pomwepo. A Nangozo analigwira nthawi yaitali, anapukuta maso ndi ngodya ya chitenje, n'kulipereka msanga kwa wotsatira ngati likutentha.

A Nachisale ananena mwachidule kuti mapepalawo awotchedwe tsiku lomwelo, nkhani ithe. A Lingisoni anavomereza, makamaka pa za tsamba la njinga. Tiyanjane anali atagwada kumapeto kwa mphasa, maso ali pansi. Ndinamuyang'ana, ndinayang'ana bwalo, ndipo ndinaona kuti iyi ndi nthawi yoti luso langa lokonza mawu ligwire ntchito. Ndinapempha mpata.

"Abale anga," ndinatero, "mwanayu wathera nthawi yake ndi inki yake pa ntchitoyi. Tikangoiwotcha lero, tamusiya chimanjamanja. Bwanji ajambulenso? Amene anawapha awadzutse, mvula igwe, aliyense aoneke monga alili. Akamaliza, tonse titaona kuti atsopano alipo, akalewa ndiye awotchedwe."

Bwalo lonse linavomereza. A Lingisoni anauza alendo kuti achemwali awo anapita kusukulu, ndipo zimaonekera pa zinthu ngati izi. Anapemphanso kuti m'buku latsopanolo akwere njinga yamoto. A Nangozo anati asadumphidwenso. A Nachisale anagwedeza mutu kamodzi, chimene kwa iwo ndi kuwomba m'manja. Anagwirizana kuti mapepala akale asungidwe ndi mwinimbumba.

Tiyanjane anakweza mutu n'kuyang'ana ine ndekha.

"Onse adzuke, agogo?"

"Onse, mwana wanga."

"Mvula igwe?"

"Igwe."

"Ndamva."

Ndinamva kukoma mumtima. Ndinkaganiza kuti ndapulumutsa dzina lake ndi buku lake pa ulendo umodzi, ndipo madzulo amenewo ndinadya bwino.

Anajambula masabata angapo patebulo la pawindo, osalankhula zambiri. Tsiku loonetsa ntchito ku Dzaleka linafika n'kudutsa, iye sanapite. Atamaliza, abale anabweranso. Ine ndinali kalikiliki ndi thobwa ndi mipando, chifukwa alendo a kuchimuna salandiridwa ndi dzanja limodzi, choncho mapepala atsopanowo ndinkangowaona patali akuyenda m'manja mwa anthu. Ndinkamva chimwemwe chokha. A Lingisoni anapeza njinga yawo yamoto, ndipo mimba inali itachepa. A Nangozo anapezeka pa masamba ambiri kuposa wina aliyense, atavala nsapato zazitali. A Nachisale anaona ndowa yawo itadzaza madzi n'kunena kuti zili bwino. Ndikutsanulira thobwa ndinamva fungo la mapepala akupsa kuseri kwa nyumba, kudzala. Ndinadziwa chimene chinali, ndipo ndinapitiriza kutsanulira, poti ndi zimene tinagwirizana, ndipo amene anapereka nzeruyo ndi ine.

Alendo atabalalika, dzuwa likupendeka, ndinakhala pakhonde n'kuvala magalasi. Bukulo linali lokongola. Mapiri anali obiriwira, fodya ali m'zigafa, ana akusewera m'matope. Inenso ndinalimo, wamoyo, ndikulankhula pabwalo chala chili mmwamba. Ndinatembenuza kufunafuna nkhope imodzi. Njira ya kumunda inalipo, msuku uli pokhota, koma panjirapo panalibe munthu. Ndinabwerera koyamba, ndinayambiranso pang'onopang'ono. Tsamba lomaliza linali kumanda kwathu, chiliza chimene tonse timachidziwa, mtsikana akuzula udzu pambali pake yekha, mvula ikumunyowetsa.

Ndinamuitana. Anabwera n'kukhala pamphasa.

"Mayi ako ali kuti?"

"Ali kumene ali, agogo."

"Ndinati onse adzuke."

"Munatinso mvula igwe. Mvula ikagwa ndiye kuti mphenzi inabwerera kumwamba. Ikabwerera kumwamba ndiye kuti inawadutsa amayi, monga inawadutsira."

"Koma wojambula si iwe? Ndani angakuletse kumuika apa, pakati pa anthu onsewa, atanyamula mtanga?"

"Ndinayesa." Anayang'ana manja ake. "Ndinayesa kangapo. Ndikawaika m'dziko limene zonse zili bwino, nkhope imabwera ya munthu wina. Kuja kunalibe madzi, kunalibe anthu, ndiye ndinkawaona bwinobwino."

Ndinanyamuka, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri ndinathamanga. Kudzala ndinapeza phulusa lofunda. A Lingisoni ntchito imene apatsidwa ndi bwalo amaigwira mokwanira, anachita kutakasa ndi ndodo kuti pasatsale ngakhale ngodya. Ndinagwada pamenepo ndi chitenje changa cha alendo, ndikupalasa phulusa ngati nkhuku, mayi wa Folomu 4, wokonza mawu wa mudzi wonse. Mwana wanga ndinali nditamuika m'manda kachiwiri, ndipo ulendo uno zovala za maliro zinali zanga ndekha ndi mdzukulu wanga, ena onse atapita kwawo okhutira.

Nditabwerera pakhonde ndinamupeza pomwe ndinamusiya. Ndinakhala pansi pambali pake, pamphasa, manja anga ali bii.

"Ndiye undiphenso ine," ndinatero. "Enawo asiye, asangalale. Undiphe ine ndekha. Sindipita nawo mlandu kwa aliyense."

Anandiyang'ana ngati wayamba kundiona.

"Inu nokha, agogo? Inu nokha simungaimitse mvula ya dziko lonse."

"Ungoyesa. Ndine wolemera kuposa mmene ndimaonekera."

Anaseka. Kunali kuseka kwenikweni, kotuluka m'mimba, koma pakati pake kunasanduka china, ndipo anaika mutu pamiyendo panga n'kulira kulira kumene sanalire pa maliro. Ndinamusisita kumsana, n'kumudetsa bulauzi ndi phulusa. Atatonthola anati, "Ndidzaona." 

Amayi anzanga a kumpingo akandifunsa chimene ndinaphunzirapo, ndimawayankha kuti munthu asamapite kukapepesa anthu amene sanakwiye. Amagwedeza mitu, ndipo yankholo limawakwanira. Ine silindikwanira, komanso sindikhulupirira kuti ndinaliphunziradi, chifukwa mapazi anga akamva za mlandu amayabwabe. Chimene ndinaphunzira chenicheni n'chovuta kuchinena pagulu. Mwanayo anandipatsa ine ndekha malo amodzi otsala pamene mayi wake ankayenda, ndipo ine ndinayang'ana pamenepo n'kuwerenga abale amene angakwiye.

Tiyanjane sanagwirebe cholembera. Amapita kumsika, amabwera, timadya, timakamba za mtengo wa tomato. Sindimufunsa. Ndinamugulira mapepala oyera n'kuwaika patebulo la pawindo, ndipo m'mawa uliwonse posesa ndimasuzumira ngati lapamwambalo ladetsedwa. Ndine mayi wachikulire, wa mpingo, wodziwika ndi ulemu m'midzi yonse yozungulira, ndipo chimene ndikupempherera masiku ano, ndi mtima wanga wonse, n'chakuti mdzukulu wanga andiphe.